Chala Chimene a Fakiri Sanamange

Kumwera kwa boma la Nkhotakota, mukangowoloka Chia ngati mukupita ku Benga, kuli mudzi wina wa kugombe kumene kunkakhala a Fakiri, wosoka maukonde. Anali munthu wamfupi, wouma thupi, wa zikhatho zazikulu zosayenerana ndi msinkhu wake. Mpunga ankalima monga wina aliyense, ndipo sanalemerepo. Chimene ankadziwika nacho ndi ntchito yosambitsa maliro a amuna pa mzikiti wa m'mudzimo.

Lero alipo amene amati a Fakiri anadzutsapo munthu wakufa. Limenelo ndi bodza, ndipo eni akewo akanalimva akanakalipa. Wakufa sadzutsidwa ndi munthu mnzake. Zimene zinachitika n'zochepera pamenepo, koma ukazilingalira bwino thupi limachita tsemwe.

Ntchitoyi anaitengera kwa amalume awo, a Ramadhani. Amene ankayenera kuiphunzira ndi mwana wa a Ramadhaniwo, Kalilu, koma Kalilu ankaopa mitembo mochititsa manyazi. Akangomva kuti bambo ake aitanidwa kumaliro, ankakumbukira kuti bwato likuchucha ndipo lifunika kumata. Motero ketulo, sopo ndi thonje ankanyamula ndi Fakiri, mwana wa mlongo wawo, mpaka ntchito inamlowa m'manja. A Ramadhani anali ndi lamulo limodzi limene sankalola kuti liphwanyidwe.

"Wakufa amamva," ankatero. "Usamtembenuze ngati thumba la mpunga. Uzimuuza kuti tsopano ndikutembenuzani, tsopano madzi akubwera kumutu. Munthu salowa m'nyumba ya mnzake popanda odi."

A Fakiri anasunga lamulolo moyo wawo wonse. Oima panja ankamva mawu awo akung'ung'udza m'chipinda cha maliro ngati akucheza ndi mlendo.

Ndi a Kalilu anakulira limodzi, ndipo chisuweni chawo chinali cha mano kunja. Sankakumana osanyozana. A Kalilu ankati, "Mukamuona Fakiri akubwera ndi ketulo, tsekani zitseko." A Fakiri ankayankha kuti, "Thawa ndithu. Tsiku lina udzagona pathabwa langa, ndipo sudzayankha."

A Kalilu anapita ku migodi ya ku Joni kudzera ku bungwe lolemba anthu ntchito la Wenela, n'kubwerako m'chaka cha 1975 pamene boma linaletsa maulendowo. Anabwera ndi njinga, gumbagumba yoimba mbale, ndi mabotolo awiri a kukamwa kwakukulu okhala ndi zivindikiro zachitsulo za labala m'kati. Anthu anasirira njinga ndi gumbagumba. Mabotolowo palibe anawalabadira.

Mvula itangotha, nsomba zinali mbwee. Akazi awo a Kalilu, a Rukiya, anali kalikiliki kuwamba ndi kuyanika pathandala monga amachitira amayi onse a kugombe. Tsiku lina a Fakiri podutsa anapeza msuweni wawo atagwada kuseri kwa nyumba, akukumba kadzenje pansi pa mtengo wa mango. Pambali panali mabotolo aja, odzaza ndi nthuli za kampango wophika pang'ono, mchere wongowaza, mafuta a mtedza atathiridwa mpaka kukhosi, m'mbali mwa chivindikiro atadonthezamo phula la kandulo.

"Ku mgodi tinkadya nsomba za m'chitini," anatero a Kalilu asanafunsidwe. "Nsomba yogwidwa chaka chatha, koma ukatsegula ngati yaphikidwa lero. Nzeru yake ndi imodzi, mpweya usalowe. Chimaoletsa chakudya ndi mpweya. Inu kuno mumangodziwa utsi ndi dzuwa, nsomba kuuma gwaa ngati khungwa."

"Khungwa lomwelo ndi limene linakulera. Nanga ukuikwiriranji?"

"Kuti izikhala pozizira."

"Waisambitsa, waidzoza, waiika m'manda. Bwanji sunandiitane kuti tiiswalire, tiipempherere ngati maliro?"

"Seka lero. Mwera ukadzayamba udzabwera ndi mbale."

"Ine chotuluka m'manda sindidya."

A Rukiya ali kuthandala analowererapo. "Auzeni ndinu alamu. Ine ndanena mpaka kukhosi kwauma. Mafuta anga onse athera m'dothi."

A Kalilu sanali munthu wopusa. Anaona chinthu chabwino kudziko la eni n'kutenga theka lake. Theka linalo sanalione, ndipo panalibe womuonetsa.

Mwera unabwera nthawi yake, nyanja inakwiya, mabwato onse anakokedwera pamchenga. Inali nyengo yodula mpunga, ndipo ndiwo zinavuta. A Kalilu anafukula botolo limodzi n'kupita nalo kudambo kumene ankadula mpunga ndi mng'ono wawo Swaibu, mnyamata wamphamvu amene anali atangokwatira kumene. Potsegula, chivindikiro chinatulutsa kampweya. Fungo linalipo pang'ono, ngati la nsomba yogona, osati yowola. Anadya yozizira yomweyo ndi chinangwa. Swaibu anali ndi njala ya munthu wodula mpunga. Anadya kwambiri n'kumanyowetsa chinangwa m'mafutamo.

Yotsala anabwera nayo kunyumba. A Rukiya atainunkhiza anachita tsinya. Anaithira mumphika ndi tomato n'kuibwatitsa mpaka msuzi unatsala pang'ono kuphwa, ndiyeno anadya ndi ana. Zotsalira pansi pa botolo anakazikhutula kuseri kumene abakha awo ankasewera m'matope.

Kutacha Swaibu anaima pagombe n'kufunsa kuti bwato lachiwirilo n'la yani, pamene bwato linali limodzi. Anthu anaseka. Pofika masana lilime linali litalemera, mawu akutuluka ngati a woledzera, mnyamata amene sanalawepo mowa. Zikope zinagwa. Madzi akamwa ankabwerera m'mphuno. Thupi silinatenthe, ndipo sanadandaule kuti penapake pakupweteka. Khosi linafooka, kenako manja, kenako mpweya unayamba kuperewera ngati wa munthu amene wina wamukhalira pachifuwa. Achibale akali kukambirana ngati n'koyenera kupita naye kuchipatala, Swaibu anatsirizika.

A Fakiri anamsambitsa atazizira kale ndi kuuma. Anasambitsapo ofa ndi chifuwa, omira m'nyanja, ogwidwa ndi ng'ona, ndipo imfa iliyonse inkasiya chizindikiro chake. Iyi sinasiye kanthu. Panalibe bala kapena chotupa. Thupi linali lathunthu ngati bwato latsopano lomira pamadzi odekha.

Kumanda ndi kumene a Fakiri anaona chinthu chachilendo. A Kalilu anaima m'mphepete mwa dzenje atagwira chikope ndi chala, akuchikwezera m'mwamba kuti aone mng'ono wawo akutsitsidwa. Akachotsa chala, diso linkatsekeka.

A Kalilu anagona ndi matenda tsiku lomwelo, ndipo matenda anatsika ndi njira yomwe ija, kuchokera kumaso kupita kukhosi, kuchokera kukhosi kupita kumanja, koma pang'onopang'ono. Shehe Habibu, mtsogoleri wa mzikiti, analemba mawu opatulika pambale n'kuwatsuka ndi madzi kuti wodwala amwe, koma madziwo sanadutse. Odzazonda ankakhala m'chipindamo n'kumanong'onezana, poganiza kuti wogona chitsekere maso samva. Ankati munthu sabwera ndi njinga ndi gumbagumba wamba, mankhwala a ku Joni afuna magazi, ayamba ndi mng'ono ndipo tsopano abwerera mwini wake. Anthu ndi otero. Chimene sachidziwa amachiveka dzina la mnzawo.

M'mawa wina a Fakiri anathamangira kumunda kukaunjika mpunga wodula kale kuti mbalame zisauthe. Ali komweko anamva kulira kwa amayi kukubwera ndi mphepo. Anaika chikwakwa pansi, anadzera kwawo kukatenga ketulo ndi thonje, n'kupita kwa msuweni wawo.

Anapeza zonse zayamba kuyenda monga zimayendera pakati pa Asilamu, amene sagoneka maliro. Amuna anali atapita kale kukakumba. Nsalu yoyera ya sanda inali itafika. Jeneza, chonyamulira maliro cha ku mzikiti, inali itatsamira khoma panja. Anagwirizana kuti akaike ikangotha swala, pemphero la masana. Akuluakulu anati anakweza dzanja la wodwalayo likugwa ngati chingwe, anatsegula diso kamwana kake kali kotambasuka kosasuntha, anaika chikhatho pamphuno osamva kanthu. Chibwano anali atachimanga kale ndi kansalu.

A Fakiri anatulutsa anthu m'chipinda, n'kutsala ndi a Shehe. Mwera unkagwedeza malata, amayi akulira pakhonde. Anafunditsa nsalu kuyambira pamchombo mpaka m'maondo. Thupi linali lofunda, koma zimenezo sizachilendo kwa wongomwalira kumene. Anang'amba kansalu kena n'kupita kumiyendo, chifukwa zala zazikulu za kuphazi zimamangidwa pamodzi kuti miyendo iume yowongoka. Anagwira chala cha kumanja.

"Ndafika, msuweni," anatero ndi mawu otsika. "Ndinakuuza kuti udzagona pathabwa langa. Tsopano ndikumanga zala. Usandiponde."

Chalacho chinakankha chikhatho chawo.

Sikunali kukankha kwamphamvu. Kunali ngati kansomba kakang'ono kakagunda mwendo wa munthu woima m'madzi. A Fakiri sanachotse dzanja.

"A Shehe, bwerani muone."

A Shehe anayang'ana n'kupukusa mutu mwachifundo. "Ndi chisoni chimenecho, a Fakiri. Ngakhale mbuzi yozinga imaphiriphitha. Musachedwetse munthu paulendo wake."

"Mbuzi yozinga imayankha funso?"

A Fakiri anawerama n'kulankhula mokweza pang'ono. "Kalilu, ngati ukundimva, kankhanso."

Chala chinakankha.

"Zangochitika," anatero a Shehe, koma mawu awo anali atasintha.

"Chabwino. Timfunse chimene angakane," anatero a Fakiri. "Kalilu, gumbagumba ija wandisiyira ine, eti?"

Chala chinakhala duu. Anadikira. Sichinasunthe.

"Kapena ndi ya a Rukiya ndi ana?"

Chinakankha, n'kukankhanso.

A Shehe anatulutsa kaphokoso kosadziwika ngati n'kuseka kapena kulira, n'kukhala pansi. "Subhanallah, ulemerero kwa Mulungu," ananong'ona.

A Fakiri anamasula chibwano msangamsanga. Anasuzumira pakhomo n'kuuza amayi kuti atonthole. Anthu anadabwa, chifukwa maliro saletsedwa kulira, koma nkhope ya a Fakiri inawatontholetsa. M'batamo anaika khutu pachifuwa. Mtima unalipo, ukugunda kutali ngati mtondo wa mudzi wina. Anatsomphola thonje lomwe anabweretsa kuti atsekere mphuno za maliro, n'kuika kaubweya kake pamphunopo. Kanagwedezeka. Pamimba pankakwera pang'ono kwambiri, moti diso lofulumira silikanaona. Anamtsamiritsa chammbali kuti malovu atsike m'malo momutsamwitsa.

A Rukiya analowa akukwawa. "Bambo a Tatu, mulipo?" anafunsa, pakuti ankawaitanira dzina la mwana wawo woyamba. A Fakiri anatenga dzanja la mayiyo n'kuliika pachala chija. Mayiyo atamva yankho anagwira pakamwa.

Panja panabuka mkangano. A Fakiri ankati apite naye kuchipatala cha ku boma nthawi yomweyo. Achibale ena anakana. Anati munthuyo watsala ndi mpweya umodzi, akafera panjira, ndipo kuchipatala akasunga mtembo mwina kuung'amba kumene, maliro n'kugona masiku. Kuli bwino atsirizikire pakhomo pake, akumva mawu a Mulungu, manda ali okonzeka. Mantha amenewo sanali opusa. Ngakhale a Shehe anakayika, akusisita ndevu.

"Mukukangana ngati mwini wake wachokapo," anatero a Fakiri. "Tiyeni mukamfunse."

Analowa nawo akuluakulu awiri n'kuwaonetsa phazi. "Kalilu, ukhale pompano?" Chala chinakhala duu. "Tipite kuchipatala, kaya ukafere panjira?" Chinakankha. Palibe anatsutsanso.

Machila panalibe, ndipo panjinga sakanakhala. Chonyamulira munthu wogona chinali chimodzi m'mudzi monse. Anayala mphasa ndi mitsamiro mujeneza, anamgoneka chammbali mutu uli m'mwamba, osafunditsa nsalu pamwamba, n'kunyamula. A Fakiri ankayenda kumapeto atagwira phazi. Pamphambano onyamula akutsogolo anakhotera kumanda mwachizolowezi, mpaka a Shehe anawakoka malaya. Okumba manda anatuluka m'dzenje n'kuima ndi makasu, akuyang'ana jeneza ikulowera kumsewu.

Pamsewu panali anyamata a chipani, ayufi, amene ankaimitsa aliyense kufunsa khadi. Ataona jeneza anavula zipewa n'kupatuka. Mmodzi anafunsa mwaulemu kuti maliro ndi a ndani.

"Akadali kuganiza," anayankha a Fakiri osaima.

Lole yonyamula mpunga ndiyo inawatenga. Woyendetsa anayamba wakana kunyamula mtembo, mpaka naye anagwiritsidwa chala.

Kuchipatala anawalandira bambo wina wovala zoyera amene onse ankamutcha adokotala. Anamvetsera pachifuwa, anaunika m'maso, ndipo nthawi yomweyo anaitanitsa mpira wa labala wolumikizidwa ku chophimba mphuno ndi pakamwa. Akaufinya, chifuwa cha a Kalilu chinkakwera. Analowetsa kapaipi m'mphuno mpaka m'mimba kodzera phala ndi madzi. Atatha anafunsa a Rukiya kuti afotokoze zonse kuyambira pachiyambi. Mayiyo ananena za Swaibu, za mabwato awiri, za madzi obwerera m'mphuno. Atafunsidwa chimene amuna awiriwo anadya, ananena za botolo.

"Inu munadyako?"

"Tinadya ndi ana, koma ndinaibwatitsa kaye."

"Nanga galu kapena nkhuku?"

"Abakha anga," anatero a Rukiya. "Ena afa. Makosi anali lende ngati chingwe chonyowa. Ndi maliro aja sindinaganizeko."

Adokotala anakhala pabenchi pafupi ndi a Fakiri. Anati matendawa anangowaphunzira m'buku, dzina lake botulizimu, ndipo sankayembekeza kudzawaona ndi maso. Anafotokoza pang'onopang'ono, ndipo a Fakiri anasunga mawuwo monga anasungira a amalume awo.

M'matope a m'nyanja ndi a m'dambo, anatero, muli tizilombo tosaoneka ndi maso. Timakhala togona, todzitsekera m'kachigoba kolimba ngati njere, ndipo timalowa m'matumbo ndi m'makha a nsomba. Tili chigonere sitivulaza munthu wamkulu, ndipo kuphika kwa mumphika sikuswa kachigobako. Chimene timadana nacho ndi mpweya, kuuma, ndi mchere wambiri. Nsomba yowamba youma bwino, yosungidwa m'dengu momwe mphepo imadutsa, sitidzukamo. Koma tikapezeka monyowa, mofunda, mopanda mpweya, timadzuka, timaswana, n'kutulutsa ululu. Opanga nsomba za m'chitini amadziwa zimenezi, n'chifukwa chake akatseka chitini amachiphika m'makina a nthunzi yotentha kuposa madzi owira. Limenelo ndilo theka limene a Kalilu sanalione.

Ululuwo ukalowa m'mimba umayenda ndi magazi mpaka pamene mitsempha yochokera kumutu imakumana ndi minofu, n'kudula uthenga pamenepo. Zili ngati mwini bwato akufuula koma opalasa onse agontha. Umayambira kumaso n'kumatsika, ndiye chala cha kuphazi chimakhala chomaliza kugonja. Nzeru suzikhudza. Makutu amamva, khungu limamva. Kadontho kosakwana kunyowetsa nsonga ya singano kangagwetse mwamuna wamphamvu, koma ululu womwewo umafa ukabwata bwino pamoto. Mphika wa a Rukiya ndi umene unapulumutsa ana.

"Mankhwala ake?" anafunsa a Fakiri.

"Kuno tilibe. Ngakhale akanakhalapo, samanga podukapo. Mitsempha imaphukira yokha ngati chinangwa chodulidwa, koma imachedwa. Ntchito yathu ndi kumsunga wamoyo mpaka iphuke. Mpweya wake ukamachepa, wina azifinya mpirawu. Anamwino anga ndi ochepa. Muli ndi manja?"

A Fakiri anayang'ana zikhatho zawo zazikulu zija. "Alipo."

Masiku oyambawo mpweya wa a Kalilu unkazima kawirikawiri, ndipo amuna a ku mzikiti ankasinthana pampirawo. Ena mwa iwo anali omwe anakumba manda. A Fakiri ankakhalitsa kuposa onse. Zaka zonsezo manja awo ankafika mpweya utachoka kale. Tsopano ankafinya n'kuona chifuwa cha munthu chikukwera pansi pa dzanja lawo, ndipo ankachita mantha ngati wagwira chinthu chosayenera kugwiridwa ndi munthu. Ankafinya akulankhula. Ankamuuza kuti mwera waleka, kuti mpunga wake anzake amupunthira, kuti gumbagumba aigulitsa kale. Chala chinkatsutsa.

Atabwerera kumudzi kwa tsiku limodzi, a Fakiri anakafukula botolo lachiwiri. Chivindikiro chinali chitatukuka ngati mimba ya chule. M'kati nsomba inkaoneka bwinobwino, yokongola m'mafuta ake. Analiyang'ana padzuwa nthawi yaitali, kenako anakaliponya m'chimbudzi losatsegula. M'manda aja anakwiriramo thunthu la nthochi, poti dzenje lokumbidwa silisiyidwa kukamwa. Pobwerera anadzera kudambo n'kuima m'matope amene anaponda chibadwire, momwe ana ankasewera. Anatapa pang'ono m'dzanja. Anali matope basi. Mulungu anaika imfa yotere pansi pa mapazi a anthu n'kuimanga ndi mpweya wamba umene aliyense amapuma osathokoza.

Mitsempha inaphukadi. Mpira unayamba kufunika mwa apo ndi apo, kenako unaikidwa pambali. Chikope chimodzi chinatseguka chokha. Patapita nthawi lilime linayamba kutembenuka, ndipo mawu oyamba amene a Fakiri anawamva bwinobwino anali akuti, "Gumbagumba sindikupatsa." A Kalilu anabwerera kumudzi mvula ili pafupi, ataonda ngati bango, akuyenda ndi ndodo.

Tsiku lina atakhala awiri pansi pa mango uja, a Fakiri akusoka ukonde, a Kalilu anafotokoza.

"Ndinamva zonse. Mphasa ikundilasa pamsana ndinkaimva. Ntchentche itatera pamlomo ndinkaimva, koma kuti ndiipirikitse ndi chiyani? Ndinamva wina akufunsa komwe ndimasunga khasu langa, lokumbira manda anga omwe. Pondimanga chibwano ndinakuwa, msuweni. Ndinakuwa mpaka m'mutu munalira, koma panja panali zii."

"Ndi za mankhwala a ku Joni unamvanso?"

"Mawu onse, ndi eni ake. Masiku ano ndimawapatsa moni wa manja awiri, iwo n'kumayang'ana pansi." Anaseka pang'ono, kenako kuseka kunatha. "Swaibu ndiye amandisowetsa tulo. Ndinamtsegulira ndekha botolo."

A Fakiri sanamtonthoze ndi bodza. Anati, "Unamtsegulira, inde. Unadyanso naye. Sunadziwe."

"Kodi iye unamuyang'anitsitsa?"

"Anali atazizira ndi kuuma. Ameneyo anali atapita."

A Kalilu anagwedeza mutu. Patapita kanthawi anati, "M'chipinda muja onse ankalankhula za ine. Amene analankhula ndi ine ndiwe wekha. Ndinasonkhanitsa mphamvu zonse zimene zinatsala n'kuzitumiza kuchala."

"Si ine. Ndi lamulo la bambo ako, limene iwe unkalithawa."

Kuyambira chaka chimenecho m'mudzimo palibe anatsekeranso nsomba m'botolo, ndipo ndiwo yogona amayi ankaibwatitsa kaye. A Fakiri nawo anawonjezera chinthu chimodzi pantchito yawo. Asanathire madzi ankaika khutu pachifuwa ndi thonje pamphuno, kenako ankagwira chala cha kuphazi, kuitana munthuyo ndi dzina, n'kudikira. Ofulumira ankang'ung'udza kuti dzuwa likupita. Iwo ankadikirabe. Palibenso chala china chinawakankha m'zaka zonsezo, koma sanaleke.

A Kalilu anakhala ndi moyo mpaka chaka cha chilala cha 1992. Anakwatitsa Tatu, anaona zidzukulu, ndipo anamwalira ndi chifuwa cha ukalamba. Nthawi imeneyo a Fakiri anali atasiyira ena ntchito yonyamula ndi kutembenuza, chifukwa manja anali atayamba kunjenjemera, koma tsiku limenelo anati kumiyendo kukhala iwo. Anaika khutu pachifuwa. Anaika thonje pamphuno. Ndiyeno anakhala pansi n'kugwira chala chomwe chija cha kumanja.

"Kalilu, ndine. Gumbagumba ija inafa kalekale, palibe chimene ndingakulande. Ukundimva?"

Anadikira. Osambitsa anzawo anaima ndi ketulo m'manja, madzi akuzizira, koma palibe anawafulumiza. Anadikira kuposa mmene anadikirirapo munthu wina aliyense.

"Chabwino, msuweni," anatero pomaliza. "Tsopano ndikumanga."

Anatenga kansalu koyera n'kumanga zala ziwirizo pamodzi.